Bayisikopo Yanga Inathawitsa Alamu

Lachinayi, Ogasiti 1955

Masana ano andipatsa lichero la nandolo kuti ndisende ndekha kuseri kwa nkhokwe. Nandoloyo ndamaliza kalekale, koma kubwalo sindikufuna kubwerera msanga, choncho ndatenga pensulo. Pakhomo pano zinthu sizili bwino kwenikweni. Alamu a Layisoni sakugona kuno chiyambire Loweruka. Akazi awo, achemwali anga a Esinati, akafuna kundiuza kanthu akumauza mbuzi ine ndili chilili pomwepo. ("Iwe mbuzi, kauze anthu ena kuti mumtsuko mulibe madzi.") Amayi popita kuchitsime akumadzera m'munda wa chinangwa poopa kukumana ndi anthu. Zonsezi ndachititsa ndine, ine amene aphunzitsi akamaitana mayina amachita kudzutsa mutu kuti aone ngati ndayankhadi.

Ndilembe mwadongosolo, mwina ndiona pamene mutu wanga unayambira kusokonekera.

Mwezi wa Juni, kukuzizira, kunabwera galimoto la bayisikopo pabwalo la sukulu yathu. Dzuwa litangolowa anapachika chinsalu choyera pakati pa mitengo iwiri, ndipo anthu anakhamukira pomwepo kuchokera m'midzi yonse ya m'munsi mwa phiri la Michesi. Poyamba anaonetsa za kalimidwe ka mizere, anthu n'kumang'ung'udza kuti mizere ali nayo kwawo. Kenaka anaika ya ku Amereka. Munali azibambo a zipewa zazikulu okwera pa akavalo, ndi mayi wina amene ankangogwa m'mavuto iwo n'kumamupulumutsa. Bambo wina wa m'galimotomo ankatanthauzira m'Chinyanja, akuwonjezamo zakezake. Akavalo akathamangira kwa ife, amayi ena ankabisa ana kumsana.

Koma ine chinandigwira mtima ndi china. Akavalo asanatuluke, pansalupo panadutsa mayina ambiri a zilembo zoyera. Dzina limodzi linabwera kawiri, ndipo kachiwiriko linakhala lokha, lalikulu, kwa kanthawi ndithu. Sindinathe kuliwerenga lonse (linali ndi zilembo zogundana ngati mbuzi pakhomo la khola), koma ndinaganiza kuti mwini wake ndiye wamkulu wa onse. Ndinamufunafuna pakati pa okwera akavalo aja mpaka bayisikopo inatha.

M'mawa mwake ndinanong'oneza Fatuma, mnzanga amene timakhala benchi limodzi. Bambo ake ndi telala pa sitolo za kwa Nkhulambe. Fatuma sadziwa kunong'ona. Anangoimika mkono n'kufunsa aphunzitsi a Mulipa mokweza, n'kuwonjeza kuti funsolo ndi langa. Ndinafuna kulowa pansi pa benchi.

Aphunzitsi anakondwa kwambiri, mpaka anasiya masamu pabolodi osamaliza. Anati za munthu ameneyo anawerengapo m'magazini yakale imene anapatsidwa kumishoni. Makolo ake sanali a ku Amereka, anachita kuolokera kumeneko atasenza katundu wawo, monga anachitira agogo athu pochoka kwa Apwitikizi. Anakulira m'umphawi. Atakula analowa ntchito kunyuzipepala, ndipo akaweruka ankalemba tinkhani take. Kenaka anakwera sitima ya pamtunda kupita kumzinda kumene amapanga mabayisikopo. Kumeneko nkhani zake ankazikana, iye n'kulemba zina, n'kuzikananso, mpaka nsapato zinamuthera. Pomaliza anamupatsa kachipinda ndi tebulo kuti azilemba mawu oti anthu ena azilankhula. Nthawi ya nkhondo ija analembanso za asilikali. Atabwerako anakwera n'kukhala wokonza zonse: ndiye amasankha nkhani, amasankha osewera, amafuna akavalo, ndipo ngati m'nkhanimo muli nyumba yoti ipse, ndiye amauza anthu kuti amange nyumba yoti aitenthe.

"Nanga iyeyo anali pa kavalo uti?" anafunsa Fatuma.

"Palibe," anatero aphunzitsi. "Iye saoneka. Mawu onse munamva aja ndi ake, koma nkhope yake simungaidziwe ngakhale mutakumana naye pamsika."

Tsiku limenelo sindinamve china chilichonse m'kalasi. Kani padziko pano ilipo ntchito yoti munthu n'kunena zonse za mumtima mwake, anthu ambirimbiri n'kumva, koma popanda ndi mmodzi yemwe womuyang'ana kumaso. Ndinaona ngati ntchitoyo anaipangira ine, kungoti anakaisiya kutali.

Ndinayamba kulemba nkhani yanga kumapeto kwa kope la Chingerezi. Inali ya mayi amene akutsika ku Michesi atasenza nkhuni. Mvula yagwa kuphiri iye osadziwa, ndipo ali pakati pa mtsinje madzi akufika mwadzidzidzi. Akukwera pamwala, akuitana, palibe womumva. Kenaka akutulukira bambo wachilendo wa chipewa chachikulu. Apa ndinaima masiku angapo chifukwa kwathu kuno kulibe kavalo. Ndinaganizapo za bulu, koma bulu sangathamangire munthu. Ndinaika njinga.

Sindinafune kuti wina aione. Koma Fatuma anandilanda kopelo pa nthawi yopuma n'kukapereka kwa aphunzitsi, ndipo aphunzitsi atawerenga anati tidzaionetse kwa makolo tsiku lotsekera sukulu. Makina tilibe, koma anati bayisikopo ndi kuwala ndi zithunzithunzi basi. Tidzatseka mawindo a kalasi ndi mikeka kuti mukhale mdima ngakhale masana, tidzapachika nsalu yoyera, ndipo kumbuyo kwake tidzaika nyali yawo yopopa. Osewera akamayenda pakati pa nyali ndi nsalu, anthu azidzaona zithunzithunzi zawo zokha. Ine ndidzabisala pakona kumbuyo komweko ndikufotokoza nkhaniyo. Anati wolemba ndine, wokonza zonse ndinenso, monga Mmereka uja. Ndinavomera ndi mutu chifukwa kukana kumafuna mawu.

Mayi wa nkhuni sanavute, Fatuma anadzisankha yekha, ndipo analonjeza kuti bambo ake atibwereka nsalu yoyera ya m'sitolo isanadulidwe. Chovuta chinali njinga. M'mudzi mwathu njinga ndi imodzi, ya alamu a Layisoni, ndipo sabwereketsa ngakhale kwa m'busa. Ngati ndikufuna njingayo, ndinayenera kutenganso mwini wake.

Alamu kwawo ndi kwa Nazombe. Anabwera kuno kuchikamwini chaka chatha, anamanga kanyumba kawo kumapeto kwa bwalo, ndipo amalima m'munda wa Amayi kuyambira mbandakucha. Ndi munthu wofatsa, wamanyazi ngati ine ndemwe, n'chifukwa chake timagwirizana. Ulemu umene amapereka kwa Amayi ngoposa wa akamwini onse a dera lino. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anizana, sakhala pamkeka umodzi, sapatsana chinthu pamanja. Zimenezo aliyense amatsata, koma alamu amapitirira. Amayi akangotsokomola patali m'njira, alamu amapatukira kutchire osayang'ana pamene akuponda. Tsiku lina analowa m'chitedze ndipo anakanda mpaka madzulo osadandaula. Amayi nawonso amawanyadira. Akafuna kuwayamikira amauza achemwali, achemwali n'kukauza alamu, alamu n'kuthokoza kudzera njira yomweyo.

Ndinawapeza akupalira chinangwa, ndipo ndinazungulira nthawi yaitali ndisananene chimene ndinadzera. Poyamba anakana. Nditawauza kuti nkhope yawo sidzaoneka, kuti sadzalankhula kanthu, ndiponso kuti adzavala chipewa chachikulu cha aphunzitsi, anatsamira khasu n'kumwetulira. Anafunsa ngati adzaloledwa kuliza belu. Ndinati kwambiri. Anavomera, koma anandipempha kuti ndisauze munthu aliyense pakhomo, makamaka achemwali, chifukwa angawaseke mpaka chaka chamawa.

Tsono apa ndi pamene ndinalakwitsa koyamba. Aphunzitsi anandiuza kuti ndisonkhanitse osewera anga pamodzi tiyeserere. Koma kuimirira pamaso pa anthu awiri nthawi imodzi n'kumawalamula, kwa ine kunali ngati kuyankhula pamsonkhano wa boma. Ndinaganiza zowaphunzitsa payekhapayekha. Fatuma ndinkamuphunzitsa pakhonde la telala, ataimirira pabokosi m'malo mwa mwala, akukweza manja kwa makasitomala a bambo ake. Alamu ndinkawaphunzitsa kumunda. M'malo mwa mayi wa nkhuni tinkaimika thunthu la nthochi. Ine ndinalemba kuti bamboyo agwire mayiyo padzanja amuolotse, koma nthochi ilibe dzanja, choncho alamu anazolowera kuikumbatira m'chiuno, kuinyamula yonse n'kuikhazika pakaliyala. Ndinaona kuti zikuoneka bwino kuposa zimene ndinalemba, ndipo ndinati kwa Fatuma ndidzamuuza. (Sindinamuuze. Tsiku lililonse ndinkati mawa.)

Loweruka lotsekera sukulu linafika. Makolo anayamba kusonkhana dzuwa lili pamutu, ndipo anyamata a kalasi lalikulu anali akupachika kale mikeka m'mawindo. Ndili mkati mopukuta galasi la nyali, ndinaona bambo ake a Fatuma akubwera okha, nsalu ili m'khwapa. Anandipatsa nsaluyo mwaulemu n'kupepesa. Fatuma wadzuka ndi matsagwidi, masaya atupa ngati maungu, ndipo amayi ake amutsekera m'nyumba akulira kuti akufuna kubwera.

Ndinathokoza, ndinapinda nsaluyo bwinobwino, kenaka ndinapita kuseri kwa chulu cha kumbuyo kwa kalasi kukalira. Ndinayesa kuganiza za atsikana ena, koma palibe amene ndinkamulankhula kupatula Fatuma.

Amayi anandipeza kumeneko. Iwo amadziwa kuti ndikasowa amandipeza kuseri kwa chinthu. Ananjuta pambali panga n'kundipukuta ndi nsonga ya chitenje, ndipo ndinawafotokozera mosisima.

"Ntchito yake njotani mayi ameneyo?" anafunsa.

"Kusenza nkhuni, kukwera pabokosi, ndi kukweza manja."

"Basi? Nanga ine masiku onsewa ndimatani? Leka kulira, mwanawe, ungatupe maso anthu akuona. Nkhunizo zili kuti?"

Ndinakondwa, kenaka ndinakumbukira alamu. Amayi anali atayamba kale kupota nkhata. Akumanga mtolo kukhitchini kwa aphunzitsi, anafunsa kuti wowapulumutsayo ndani. Ndinatsegula pakamwa, dzina la alamu linafika pa lilime, ndipo chimene chinatuluka ndi chakuti, "Ndi munthu wa chipewa." Amayi anaseka, anati ayenera kuti ndi mmodzi wa anyamata ataliatali a kalasi lalikulu, amene anawaona akubadwa.

(Bodza sindinaname, chipewa chinalipodi. Ndipo ndinadziuza kuti kumbuyo kwa nsalu nyali imathobwa m'maso, Amayi adzakhala atafunda chitenje kumutu, alamu chipewa chidzawaphimba mpaka pamphuno, zonse zidzatha msanga aliyense osamudziwa mnzake. Ndinadziuzanso kuti Mmereka uja sakanaimitsa bayisikopo chifukwa cha matsagwidi. Za kunyamula kuja ndinaziiwaliratu.)

Alamu anali atabisala ndi njinga yawo panja, kuseri kwa kachitseko ka pafupi ndi bolodi. Tinagwirizana kuti alowe akamva ndanena mawu akuti "tamverani belu". Za matsagwidi sanamve.

M'kalasimo munadzaza mpaka ena anakhala pamiyendo ya anzawo. Munali mdima, motentha, mukununkha palafini ndi thukuta. Posuzumira m'mphepete mwa nsalu ndinaona achemwali atakhala kutsogolo kwenikweni. Aphunzitsi anapopa nyali, nsalu inawala, anthu anati zii. Ine ndinakhala pakona panga ndi masamba a nthochi oti ndizigwedeza patsogolo pa nyali kuti akhale madzi. Ndinayamba kuwerenga.

Chimene chinachitika apa ndikufuna ndichilembe, kuti zoipa zinatsatirazo zisandiiwalitse. Mawu anga anatuluka. Anatuluka aakulu, osanjenjemera, mpaka ndinacheuka kuona ngati pali wina akulankhula kumbuyo kwanga. Ndikati mitambo yada kuphiri, ndinkamva anthu akupuma mozama. Sindinamvepo kukoma kotero.

Amayi nawo anadabwitsa. Ine ndinawauza kuti angoyenda n'kukwera pabokosi, koma iwo anayenda modzandira, anaima n'kupukuta thukuta, anayesa madzi ndi phazi, anabwerera, anayesanso. Mayi wina m'gulumo ananena mokweza kuti mwana ameneyu amadziwa kusenza, akulu akamufunsire. Nditagwedeza masamba aja, Amayi anakwera pabokosi n'kukweza dzanja limodzi, lina litagwira mtolo, ndipo ana ena kutsogolo anayamba kulira.

"Tamverani belu!" ndinatero.

Alamu analowa ngati mphepo. Belu likulira, chipewa chili pamphuno, chithunzithunzi chawo chinadzaza nsalu yonse, ndipo anthu anakuwa mpaka udzu wa padenga unagwedezeka. Anatsika, anaimika njinga, anafika pabokosi. Amayi anatambasula dzanja mwaulemu monga ndinawauzira. Alamu dzanjalo sanalione n'komwe. Anawerama, anakumbatira m'chiuno n'kunyamula monga amanyamulira nthochi.

Amayi anakalipa m'Chilomwe. Anali mawu aja amakalipira nkhuku zikalowa m'nyumba, ndipo pakhomo pathu palibe amene sawadziwa.

Alamu anauma. Mawuwo anawazindikira. Tangoganizani: apongozi sungawagwire, koma apongozi sungawaponyenso pansi. Anangoima choncho, Amayi ali m'malere, nkhuni zili pamutu, iwo atapotolera nkhope kumbali mpaka chipewa chinagwa. Amayi anayang'ana pansi n'kuona mutu umene amauona patali m'munda mwawo m'mawa uliwonse. Anasiya kukalipa. Alamu anawatsitsa pang'onopang'ono ngati akutsitsa mtsuko wodzaza, n'kunong'ona kuti "pepani" akuuza khoma.

Kenaka aliyense anachita zimene mwambo umanena, kupatuka. Koma kumbuyo kwa nsalu kunali kopanikiza ngati m'khola la nkhunda. Amayi anathawira kumanzere, alamu kumanzere komweko. Onse anabwerera kumanja. Alamu analunjika kukachitseko, koma anagunda njinga, njingayo n'kugwa chopingasa pakhomopo, gudumu likuzungulira. Amayi anatembenukira kukhoma, mtolo unazungulira nawo, alamu anawerama kuti usawamenye ndipo anapezeka agwada kutsogolo kwawo, n'kudzambatukanso. Kunsalu kunkaoneka anthu awiri akuthamangathamanga, kukumana, kulekana, kukumananso. Anthu anayesa ndi nkhani. Ankaomba m'manja, ena akukuwa kuti amugwire asapite ndi madzi.

Apa munthu wanzeru akanazimitsa nyali. Inali pafupi ndi bondo langa. Koma ine, mawu aja atandikomera, ndinagwedeza masamba a nthochi mwamphamvu n'kunena kuti, "Madzi akuwazunguza! Taonani mmene akuwazunguzira!" (Izi m'kope munalibe. Ndinapeka pomwepo, ndipo ndikuchita manyazi kunena kuti pa nthawiyo ndinadziona wochenjera.)

Nkhuni imodzi yaitali inakola nsalu. Amayi atatembenukanso, chingwe chinaduka, ndipo nsalu yonse ya telala inatsika pansi mwakachetechete.

Anthu anaona izi: Amayi ataima moyang'ana bolodi, atafunda chitenje kumutu konse. Mkamwini wawo atagwada kumbuyo kwawo, nkhope ataibisa m'chipewa cha aphunzitsi. Pakona, ine, tsamba la nthochi m'dzanja lililonse, pakamwa pali yasa. M'kalasimo munangomveka kusosola kwa nyali. Achemwali anaimirira pang'onopang'ono, n'kukhalanso.

Ndiye mkulu wina kumbuyo anafunsa aphunzitsi mwaulemu ndithu ngati ku Amerekako akamwini amatero.

Kuseka kumene kunabuka sindidzakuiwala. Alamu anayang'ana chitseko, chinali chotsekedwa ndi njinga. Anayang'ana khomo lalikulu, kunali anthu. Anadumphira pawindo, ndipo anthu amene anali panja akuti anawaona akudutsa bwalo la mpira mkeka uli pamsana, osacheuka, kulunjika njira ya kwa Nazombe. Njinga imene sabwereketsa kwa m'busa anaisiya pomwepo. Ndinaikankha ndine popita kunyumba, ndili kumbuyo kwa Amayi ndi achemwali, ndipo belu linkalira lokha tikagunda mwala.

Poyamba tinkayesa kuti abwera kukada. Sanabwere. Lamulungu kutchalitchi anthu ankatipatsa moni akuyang'ana kumbali, mapewa akugwedezeka. Achemwali analira, kenaka anakwiya, kenaka anayamba zolankhula ndi mbuzi zija. Atate ali kuntchito ku esiteti ya tiyi, choncho nkhani inapita kwa amalume a Mukhito, alongo awo a Amayi, amene amayang'anira mbumba yathu. Lachiwiri anapita kwa Nazombe, ndipo anabwerako nkhope ili yolemera. Alamu anawapeza atakhala m'khitchini mwa amayi awo, osafuna kutuluka. Choipa kwambiri n'chakuti abale awo akuganiza kuti tinachita dala. Akuti ngati mwana wawo tatopa naye tikanangonena, osati kumutchera msampha pamaso pa dziko lonse. Ena mwa iwo akuti asabwererenso kuno, akatenge khasu lake ndi njinga basi.

Nditamva zimenezo kuseka konse kunandithera. Ine ndinkaona ngati ndachititsa anthu manyazi chabe. Sindinaganize kuti achemwali banja lingawathere chifukwa cha nkhani ya m'kope la Chingerezi.

Dzulo chakumadzulo amalume anatiitana tonse pakhonde. Anandikhazika pakati. Anafunsa ngati Amayi ankadziwa, ndinapukusa mutu. Ngati alamu ankadziwa, ndinapukusanso. Ngati ine ndinkadziwa. Apa anati mutu sakuumva, ndiyankhe ndi pakamwa. Ndinati ndinkadziwa.

"Nanga osanena bwanji, mwana iwe?"

"Ndinaganiza kuti chithunzithunzi chilibe apongozi."

Amalume anagwidwa ndi chifuwa. Anatsokomola nthawi yaitali atatembenukira kumbali, mpaka misozi, ndipo Amayi anawapatsa madzi nawonso akuluma milomo. Atapeza bwino anakhwimitsa nkhope n'kugamula. Anati akwawo kwa alamu avomera kuti ngati zilidi zachibwana cha mwana, mwanayo apite akanene yekha pamaso pawo, ndipo alamu abwerera. Choncho ine ndipite kwa Nazombe pamodzi ndi iwo ndi achemwali, nditenge nkhuku yopepesera. Nkhukuyo ikhale yanga, thadzi langa lamawangamawanga limene ndinalilera kuyambira lili kamwanapiye. Ndikagwade pabwalo, ndikafotokoze zonse kuyambira pachiyambi. Ndinafunsa motsitsa ngati ndingalembe papepala kuti amalume akawerenge. Anati ayi. Ndinafunsa ngati ndingakalankhulire kuseri kwa chitseko. Anati kuseri n'kumene kwatifikitsa pano.

Lero m'mawa ndinapita kukabweza chipewa kwa aphunzitsi. Nawonso akuti amalume anawalankhula ndithu. Ndinalimba mtima n'kuwafunsa ndekha, popanda Fatuma, ngati Mmereka uja zoterezi zinamuchitikirapo. Anati za apongozi m'magazinimo munalibe, koma analemba kuti mabayisikopo ake ena anthu ankatuluka asanathe. Anati ine ndili bwinoko, chifukwa pa yanga anatuluka munthu mmodzi yekha.

Pobwera ndinapeza Amayi akusankha nandolo uja. Ndinagwada kuti ndipepese, koma anandidula. Anayang'ana uku ndi uku, kenaka anafunsa motsitsa kuti mayi wa nkhuni uja zinamuthera bwanji, popeza nsalu inagwa asanamve. Ndinawauza kuti anaoloka, anafika kwawo, ndipo bambo wa njinga anapita osanena dzina lake. Anati zili bwino, koma nkhuni akanazisiya pamwala, palibe munthu wamisala amene angaoloke nazo madzi otero. Kenaka anati: "Mawa ukakafika, uuze achemwali ako auze amuna awo kuti ine sindinakwiye. Auzenso kuti sanandigwetse. Wina akanandiponya pansi n'kuthawa."

Ndiye mawu amenewo ndawasunga, ndikawanena pomaliza. Oyambirira ndi amene akundivuta. Ndayeserera kuno kuseri kwa nkhokwe, koma ndikangoganiza za maso a anthu a kwa Nazombe, mawu onse akundithawa. Ndaganiza kuti ndizikayang'ana mapazi a alamu, popeza iwonso adzakhala akuyang'ana pansi.

Chinthu chimodzi chokha ndisabise. Dzulo amalume akundiweruza, dzuwa linali litapendeka, ndipo chithunzithunzi chawo chinagwera pakhoma la nyumba. Makutu awo aakulu aja, ndi mphuno ija, ndi chala chikuloza. Ndinayesetsa kumvetsera, koma mumtima ndinkangoona wakuba ng'ombe wabwino kuposa onse a m'bayisikopo ya ku Amereka. Nkhani yake yayamba kale kundibwerera, ndipo ndaikaniza.

Mawa ndidzuka tambala woyamba, ndigwire thadzi langa lisanatsike, ndilipatse madeya komaliza. Ndikagwada kwa Nazombe ndi kunena zonse ndi pakamwa panga, mokweza, mpaka alamu atuluke m'khitchini. Panjira ndiziyenda patsogolo pa amalume, kuti ndisaone makutu awo.